Lipoti la msonkhano wa kasamalidwe ka odwala mphumu

Mayi wapampando ndi anamwino anzanga, zikomo pondituma ku msonkhano wa masiku awiri uja m'tauni ya Zomba. Kunali anzathu a ku Domasi, Thondwe, Jali ndi Chingale.

Nkhani yomwe inatidyera nthawi ndi ya nebulaiza, makina osandutsa mankhwala kukhala nkhungu yoti wodwala apume. Ife tinazolowera kuti munthu akangolowa akubanika timathamangira makinawo, ndipo magetsi akazima timagwira njakata. Otiphunzitsa anati kwa odwala ambiri, salbutamol (mankhwala otsegula njira za mpweya) wa mu inhela, kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa, akadutsa mu spacer (kachubu koika pakati pa inhela ndi kamwa) amathandiza chimodzimodzi. Spacer ikasowa, botolo lapulasitiki la 500 ml limakwana: timaboola kunsi kwake polowetsa inhela, wodwala n'kumakokera mpweya kukamwa kwa botolo. Tipope kamodzi, apume kangapo, tipopenso, mpaka maulendo 4 kapena kufika 10, ndipo tibwereze pa mphindi 20 zilizonse mu ola loyamba. Ndinapita ndikukayika, kunena zoona. Nditaboola langa n'kuliyesa, ndinangoti kukamwa yasa.

Wodwala akhale tsonga, tisamugoneke chagada. Okosijeni tipereke mpaka kamakina ka pachala kawerenge 93 mpaka 95 peresenti kwa wamkulu. Prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa kwa njira za mpweya, asachedwe: 40 mpaka 50 mg ola loyamba lisanathe, apitirize masiku 5 mpaka 7. Zikakanika, pali magnesium sulphate, yemwe uja timasungira amayi kumateniti, 2 g kudzera mumtsempha pa mphindi 20, adokotala atalamula. Pa aminophylline, mankhwala akale a mphumu, panabuka mtsutso, poti akuluakulu ena anakula naye, koma malangizo a masiku ano sakumufunanso chifukwa amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Chomwe chandikhala pamtima ndi ichi. Chifuwa chikasiya kulira pamene munthu akubanikabe, tisasangalale ayi, ndiye kuti mpweya wasiya kudutsa. Amene akulephera kumaliza mawu, kapena wayamba kusinza, ndi woitanira adokotala pompopompo. Diazepam, mankhwala ogonetsa, woti "akhazikike mtima" asayandikire n'komwe.

Za potuluka m'chipatala tinangodutsamo mwachangu: kuona ngati odwala akudziwa kugwiritsa ntchito inhela, ndi kuwachenjeza za utsi wa nkhuni ndi mbaula m'nyumba yotseka, makamaka Juni ndi Julaye kukazizira kuno kumunsi kwa phiri.

Pempho langa, Mayi wapampando, n'lakuti Lachinayi aliyense abwere ndi botolo lotsuka bwino, tidzaboolere limodzi tisanayambe ntchito.