Ophunzira asamachezere usiku wonse ndi ntchito ya kusukulu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chizolowezi chimene chafala pakati pa ophunzira kuno ku Kasungu, kuyambira a Folomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE mpaka a m'makoleji: kuchezera usiku wonse pofuna kumaliza asainimenti yokapereka mawa lake. Makolo ambiri akaona nyali ikuwala mpaka tambala woyamba amanyadira kuti mwana ndi wakhama. Ine zimandidetsa nkhawa, chifukwa mwanayo akudzipweteka ndipo ntchitoyo imatuluka yosalongosoka.

Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, wamkulu maola osachepera 7. Zimene munthu waphunzira masana zimakhazikika m'mutu ali mtulo. Akakhala maso maola 17, amaganiza mochedwa ngati munthu amene walawako mowa, ndipo akafika maola 24 amakhala ngati woledzera ndithu. Tiwerengere bwino: mtsikana amene wadzuka 5 koloko m'mawa kukatunga madzi, maola 17 amamukwanira 10 koloko usiku. Kuchokera pamenepo mzere umodzi amauwerenga kanayi osamva kanthu, pa masamu amasiya chizindikiro chochotsera, 6 amakopera ngati 9, zilembo zimayamba kutsetsereka kuchoka pamzere. Nthawi yovuta kwambiri ndi pakati pa 3 ndi 5 koloko m'bandakucha, pamene thupi limazizira ndi kufuna tulo mwamphamvu.

Njira zothamangitsira tulo nazo zili ndi mavuto ake. Kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kumangotsegula maso, mutu sugwira kanthu. Khofi, tiyi wowirira ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimabisa tulo, sizichotsa kutopa, ndipo theka la mphamvu yake limakhalabe m'thupi patatha maola pafupifupi 5. Womwa khofi 11 koloko usiku amati akafuna kugona 2 koloko tulo timakana, mtima ukungothamanga.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi mbaula. M'miyezi ya June ndi July kuno kumazizira, ndipo ophunzira ena amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka komanso wosanunkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka, zimene wophunzira amangoziyesa kutopa. Akawodzera pomwepo akhoza osadzukanso. Mbaula izikhala panja. Wozizidwa afunde bulangete. Kandulo kapena koloboyi pafupi ndi neti ndi mapepala ndi ngozi ina, pakuti wosinza saona moto ukuyamba. Komanso udzudzu wa malungo umaluma usiku womwewo, mwana ali patebulo kunja kwa neti. Kwa amene ali ndi khunyu, kusagona kumayambitsa kukomoka, choncho iwowa asayese n'komwe.

Ntchito ya sabata imodzi igawidwe. Tsiku loyamba werengani funso ndi kudula mzere kunsi kwa mawu amene akukuuzani chochita, kaya n'kufotokoza, kuyerekeza kapena kupereka zifukwa, pakuti ambiri amalephera chifukwa choyankha funso lina. Masiku awiri otsatira sonkhanitsani mfundo. Lachinayi ndi lachisanu lembani, mphindi 45 kenako kupuma mphindi 10, foni ili patali. Tsiku lachisanu ndi chimodzi werenganinso mokweza. Khutu limagwira zolakwika zimene diso laphonya.

Zikathina ndithu, kuti ntchito ikufunika mawa, yambani ndi gawo lovuta dzuwa lisanalowe, zokopera ndi zojambula zibwere pambuyo. Tchajani tochi kapena nyali ya sola masana. Olemba pa kompyuta kapena pafoni azisunga ntchito pafupipafupi ndi kudzitumizira pa WhatsApp kapena imelo, kuti magetsi akathima asayambirenso. Idyani chakudya chopepuka, chifukwa nsima yambiri imalemetsa zikope. Lekezani 11 koloko, gonani maola 4 ndi theka, mudzuke kumalizitsa m'mawa. Tulo timayenda m'magawo a mphindi pafupifupi 90, ndiye wodzuka pakutha pa gawo mutu umamupepukirako. Masana mukhoza kugona mphindi 20. Mukapitirira 30 mumadzuka mutu uli ziii. Amene wachezera asayendetse njinga yamoto pa msewu wa M1 tsiku limenelo.

Kwa aphunzitsi anzanga, vuto lina timaliyambitsa tokha. Wa Biology, wa Chingerezi ndi wa Geography onse akafuna ntchito zawo Lachisanu limodzi, mwana atani? Pachipinda cha aphunzitsi papachikidwe kalendala yoti aliyense azilembapo tsiku lotolera ntchito yake, ndipo tsiku limodzi lisapitirire ntchito zazikulu ziwiri. Makolo nawo amupeputsire mwana ntchito zapakhomo madzulo kuti ayambe kulemba kukadawala.

Mphunzitsi wa sekondale,
Kasungu