Tilembereniko maphikidwe m'Chichewa, Chingerezi cha kukhitchini chili pawiri

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndidandaule za ufa, shuga ndi mazira zimene zikuthera kudzala muno mu Blantyre. Ine ndine mayi wa ku Chilomoni. Ndinaphika zaka 19 pa nyumba ina yogona alendo ku Namiwawa, ndipo pano ndimaphika masikono ndi makeke a zinkhoswe pakhomo panga.

Mwezi wathawu mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wolimbikira amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, analandira oda yake yoyamba, keke ya chinkhoswe ku Ndirande. Sanandifunse, ankafuna ndidzangoona zitatheka. Anatsegula foni n'kupeza maphikidwe pa YouTube. Wophika wa pafoniyo anati uvuni utenthe kufika pa 350. Uvuni wa mayi ake umathera pa 250. Mwanayo anaganiza kuti uvuniwo ndi wochepa mphamvu, ndiye anapotokola mpaka kumapeto. Keke inatuluka kunja kuli bii ngati khala, mkati muli phala. Anafika kwathu madzulo misozi ili mbwembwembwe, atafungatira chitini. Mazira 8, majarini, fulawa, zonse anatenga pangongole pa okala. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogula fulawa akudziwa kuti ngongole yotere si yamasewera.

Mwanayo sanalakwe kuwerenga. Chimene palibe anamuuza n'chakuti wophika uja anali wa ku America, kumene amayeza kutentha m'madigiri a Fahrenheit. Mauvuni amene timagula kuno amayeza mu Celsius, monga a ku Britain. Pamene wa ku America wati 350, ife tiike pafupifupi 180. Akati 400, ndiye 200. Kanthu kochepa chonchi n'kamene kanawotcha keke.

Titakhala pansi n'kuonera limodzi kanemayo, ndinapeza kuti ngakhale moto ukanakhala wolondola, keke ikanavutabe. Anthu a ku America amayeza zinthu ndi kapu. Kapu yawoyo si iliyonse ya mu kabati ayi, ndi muyeso wokhazikika wa mamililita pafupifupi 240. Ukaidzaza fulawa imalemera magalamu 120 kapena 125, ukaidzaza shuga magalamu 200. Mwana wathu anatenga chikapu chachitsulo chimene bambo ake amamwera tiyi. Batala nayenso amamutchula ndi timitanda, ndipo kamtanda kamodzi, kamene amati stick, ndi magalamu 113. A ku Britain amaika zonse pa sikelo n'kulemba magalamu. Ngakhale paindi ya mkaka si imodzi: ya ku Britain ndi mamililita 568, ya ku America 473. Dzina limodzi, koma kusiyana kwake n'kokwana kusandutsa kasitadi kukhala madzi.

Ife Chingerezi chathu cha kukhitchini n'cha ku Britain, ndipo chifukwa chake chili m'dzina la mzinda uno. Amishoni a ku Scotland anakhazika mishoni yawo kuno mu 1876 n'kuitcha Blantyre, dzina la kwawo kwa David Livingstone. Sikono ndi chakudya cha kwawo komweko. Agogo athu amene ankaphikira azungu a ku mishoni, a ku Mandala ndi a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje anatola mawu m'makhitchini amenewo n'kuwapinda kuti akwane pakamwa pathu: sikono, bisiketi, tchipisi, jamu, maswiti. Ulamuliro wa Britain unatha mu 1964, koma mawuwa anatsala m'sitolo, m'sukulu ndi pamsika. Foni ndi imene yabweretsa Chingerezi chachiwiri, ndipo ana athu akuchimeza osadziwa kuti n'china.

Ine kusiyanaku ndinakuphunzira ndi manyazi. Chaka changa choyamba pantchito kunafika dokotala wa ku America amene ankathandiza ku chipatala cha Gulupu. Tsiku lina masana anapempha sangweji ndi chips. Ndinasenda kachewere wabwino wa ku Ntcheu, kukazinga bwinobwino, kuikapo kabichi pambali monga tichitira pa chiwaya. Iye anayang'ana mbaleyo nati ankanena za m'paketi zija zopyapyala, zokhukhuluza. Zimenezo ife ndi a ku Britain timati crisps. Tchipisi chathu cha pa chiwaya iwo amati fries. Anadya ndithu, anathira ndi Nali yemwe, koma ine ndinabwerera kukhitchini nkhope ili yotentha.

Patapita masiku dokotala yemweyo anandiuza kuti wasowa biscuits za amayi ake. Ndinatuma mnyamata kukagula paketi ya mabisiketi, koma sizinali zimenezo. M'mawa mwake nditatulutsa masikono mu uvuni, iye ananyamuka pampando, nati ndi zimenezi. Kwawo biscuit ndi kabuledi kofewa kofanana ndi sikono, kopanda shuga, kamene kummwera kwa dziko lawo amadyera msuzi woyera wa soseji, mkaka ndi ufa. Amakanda ndi mkaka wosasa umene amati buttermilk. Atsikana ambiri amasiya maphikidwe akaona liwu limeneli, poganiza kuti ndi chinthu chosapezeka kuno, chonsecho chambiko wathu amagwira ntchito yomweyo. Bisiketi yathu yowuma iwo amati cookie, liwu limene anatola kwa Adatchi, paja mzinda wa New York unkatchedwa New Amsterdam mpaka Angerezi ataulanda mu 1664.

Mawu ambiri asiyana mwa njira yomweyi, aliyense anabwereka kwa amene anayandikana naye. A ku Britain anabwereka kwa Afalansa, n'chifukwa chake mabilinganya amati aubergine, ndipo timaungu tatitali tobiriwira tija amati courgette. A ku America amati eggplant, ndipo timaunguto amati zucchini, potsata Ataliyana amene anasamukira kumeneko. Masamba onunkhira amene amwenye a ku Limbe amati dhania, wa ku London amati coriander, wa ku Texas amati cilantro monga anena anzake a ku Mexico. Nyama yogaya ndi mince uku, ground beef uko. Mtedza timauwerenga kusukulu kuti groundnuts, iwo amati peanuts.

Koma mawu amenewa savulaza kwambiri, chifukwa ukamva liwu lachilendo umafunsa. Oopsa ndi mawu amene timawadziwa kale, amene sitiona chifukwa chofunsira. Ife squash ndi Sobo wosungunula ndi madzi, monganso ku Britain. Ku America squash ndi maungu ndi abale ake. Ife soda ndi uja timathira m'therere tikasowa chidulo, pamene iwo akangoti soda akunena zakumwa za m'botolo. Wa m'therereyo amati baking soda, a ku Britain amati bicarbonate of soda, ndipo si chimodzi ndi baking powder, ngakhale zonse n'zoyera. Jelly ku Britain ndi uja wonjenjemera amene timapatsa ana pa Khirisimasi, ku America ndi wopaka pa buledi. Alendo anga a ku Scotland akati tea madzulo ankanena chakudya chenicheni cha madzulo, osati kapu ya tiyi. Akafunsa pudding ankanena chilichonse chotsekemera chotsukira mkamwa, ngakhale nthochi ndi kasitadi, komabe black pudding yawo ndi soseji ya magazi a nkhumba, m'bale wake wa uwende.

Liwu limene limandipweteka mtima kuposa onse ndi la chimanga, chifukwa chimanga ndiye moyo wathu. Kalekale ku England liwu loti corn linkatanthauza mbewu iliyonse ya m'munda, makamaka tirigu. Angerezi atafika ku America n'kupeza eni nthaka akulima chimanga, anachitcha Indian corn, kenako n'kungotsala corn. Nchifukwa chake ife kusukulu timati maize, iwo corn. Tsono mayi wa ku Bangwe akawerenga maphikidwe a ku Britain n'kuona cornflour, amatapa ufa woyera m'chidebe, n'zomveka. Koma cornflour wa ku Britain si ufa wa nsima. Ndi sitachi yekhayekha, wosalala ngati paudala, wolimbitsira msuzi ndi kasitadi, amene a ku America amati cornstarch. Ufa wofanana ndi mgaiwa kapena gramilu iwo amati cornmeal, ndipo kawirikawiri ndi wachikasu, wa chimanga chija ife tinachidziwira m'zaka za njala. Mnansi wanga wina anathira ufa woyera m'kasitadi wa pa phwando la ubatizo, alendo n'kudya phala la shuga. Analira ngati mwana wa mchemwali wangayu.

Pamene ndinkaphikira alendo a ku America ndinazindikira chinthu china chimene chinandikhudza. Tsiku lina ndinaphika chigumu cha ife antchito, mayi wina wachikuda wa ku Georgia anamva fungo n'kulowa kukhitchini. Analawa, anakhala chete kanthawi, kenako anati kwawo chimenechi ndi cornbread. Anandiuza za grits, phala lolimba la chimanga chogaya limene amadya m'mawa, za masamba ophika nthawi yaitali onga repu, za therere. Msuzi wawo wotchuka wa ku Louisiana umatchedwa gumbo, ndipo dzinali linachokera ku liwu la therere m'zilankhulo za ku Angola, linawoloka nyanja ndi anthu amene anagwidwa ukapolo. Ndinaona kuti pa mawu tayandikana ndi Britain, koma pa mphika tayandikana ndi anthu akuda a kummwera kwa America. Mayiyo anadya nsima ndi manja tsiku lomwelo, sanavutike nayo.

Komabe sindinalole kuti pa menyu tilembe cornbread. Ndinalimbana ndi bwana wanga mpaka tinalemba chigumu, pansi pake n'kufotokoza kuti ndi chiyani. Ngati wa ku London sasintha dzina la chakudya chake pofuna kusangalatsa wa ku New York, ine ndisinthirenji chikondamoyo, zitumbuwa kapena futali? Masiku ano ndimaona atsikana akutsatsa malonda pa WhatsApp, mandasi akuwatcha doughnuts, chiponde akuchitcha peanut butter, pena m'chiganizo chimodzi muli liwu la ku Britain ndi la ku America. Kasitomala amaitanitsa china, n'kulandira china, mkangano n'kuyamba.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi ili. Tipatseniko kagawo ka maphikidwe m'Chichewa, ngakhale kamodzi pa mwezi. Muzilemba miyeso m'magalamu ndi m'mamililita, ndipo poti si nyumba zonse zili ndi sikelo, muziwonjezera muyeso wa chinthu chimene aliyense ali nacho, monga botolo la Fanta la mamililita 300 kapena supuni ya tiyi. Kutentha muzilemba mu Celsius, komanso muzikumbukira ife amene magetsi akazima timaphikira pa mbaula, makala pansi, makala pa chivundikiro. Mukatenga maphikidwe kunja, muzinena poyera kuti awa ndi a ku Britain kapena a ku America, ndipo chinthu chilichonse muzichitchula ndi dzina limene mayi akachitchule pa msika wa Limbe kapena wa Ndirande n'kupatsidwa chenichenicho. Aphunzitsi a zophikaphika m'sukulu zathu ndi amayi a m'mabungwe a mipingo nawonso atathera ola limodzi lokha pa nkhaniyi, angapulumutse matumba ambiri a fulawa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwana angafunse bwanji chinthu chimene sakudziwa kuti chili pawiri?

Ngati mulibe wolemba kagawoko, ine ndili ndi kope langa la zaka 19 lija, lothimbirira ndi mafuta, momwe ndinkalemba liwu lililonse limene mlendo anandisokoneza nalo. Ndikhoza kubwera nalo ku ofesi kwanu.

Keke ya ku Ndirande ija tinaiphikanso usiku womwewo ndi fulawa wanga, ndipo inafika pa chinkhoswe nthawi yake. Ngongole ya pa okala mwanayo akubwezabe pang'onopang'ono. Loweruka likudzali ali ndi oda ina ku Zingwangwa. Ndamubwereka sikelo yanga, ndipo pakhoma pafupi ndi uvuni wa mayi ake ndamata kapepala kolembedwa kuti 350 ndi 180.

Mayi wophika masikono,
Chilomoni, Blantyre