Lipoti la Msonkhano Wokambirana za Zisoti za Mafumu a ku France

Wapampando ndi aphunzitsi anzanga a phunziro la mbiri, ndabwerako kumsonkhano umene munandituma ku Paris, ndipo ndikuthokoza kuti munandikhulupirira. Mwa zambiri zimene zinakambidwa, ndikhazikika pa mfundo imodzi imene ikukhudza kaphunzitsidwe kathu: ife timauza ana kuti chisoti ndicho chinkapatsa munthu ufumu, pamene kwa Afalansa chimene chinali ndi mphamvu koposa chinali kudzozedwa mafuta.

Mafumu ambiri ankalongedwa m'tchalitchi chachikulu cha ku Reims, mzinda umene Clovis, mfumu yakale ya mtundu wa Afulanki, anabatizidwira. Bishopu wamkulu ankayamba wadzoza mfumu ndi mafuta a m'kabotolo kamene anthu ankakhulupirira kuti kanatsika kumwamba, ndipo pambuyo pake ndi pamene ankaiveka chisoti, nduna khumi ndi ziwiri, zisanu ndi imodzi za mpingo ndi zisanu ndi imodzi za dziko, zitatambasula manja kuchichirikiza. Chithunzi chimenechi chinandikhudza kwambiri, chifukwa chikusonyeza kuti ngakhale mfumu imene inkati ulamuliro wake ndi wochokera kwa Mulungu sinkasenza yokha chisoticho. Mwambo ukatha, zida zaufumu zinkabwezedwa kwa amonke a ku Saint-Denis, pafupi ndi Paris.

Anthu amene anaukira ufumu kuyambira mu 1789 ankazidziwa bwino zimenezi. M'chaka cha 1793 sanalekere pa kudula mutu wa Louis XVI, koma anaphwanyanso kabotolo kaja pagulu ku Reims, ndipo zisoti za ku Saint-Denis zinasungunulidwa. Chimene chinapulumuka ndi cha Louis XV cha mu 1722, chimene tinachiona ku Louvre, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Paris. Poyamba chinali ndi dayamondi yotchuka ya Régent, koma miyala yeniyeniyo inachotsedwa mu 1729 n'kuikapo ya galasi, mwina n'chifukwa chake sichinawonongedwe.

Pamsonkhanowu panali mtsutso waukulu pa nkhani ya Napoléon, amene pa 2 Disembala 1804 anadziveka yekha chisoti m'tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris, Papa Pius VII ali pomwepo. Ena anati kumeneku kunali kunyoza mpingo, ena anati zinagwirizanidwa pasadakhale. Ine ndinaima ndi gulu lachiwirili, komabe sindikukana kuti uthenga wake unali womveka: ulamuliro anaupeza ndi manja ake. Charles X anayesa kubwezeretsa mwambo wakale ku Reims mu 1825, ndipo kumeneku kunali kulonga ufumu komaliza, popeza Louis-Philippe mu 1830 anangolumbira pamaso pa aphungu, chisoti osachivala.

Mu 1887 boma la ripabuliki linagulitsa pa okushoni miyala yambiri yachifumu, pofuna kuti wolakalaka mpando asadzapeze chovala. Nthumwi zambiri zinadandaula kuti chuma cha mtundu chinamwazika, ndipo kudandaulako kunakula titafika pa umbava wa pa 19 Okutobala 2025, pamene akuba anathyola ku Louvre n'kugwetsa chisoti cha Mfumukazi Eugénie, mkazi wa Napoléon III, pothawa, chimene chinapezeka chitaphwanyika mbali zina.

Ndikupempha kuti komiti yathu ikonzenso phunziro la kuukira kwa mu 1789 kuti liyambe ndi mwambo wa ku Reims, ndipo zithunzi zimene ndinajambula ndidzazipereka kwa alembi pamsonkhano wathu wotsatira.