Loweruka ku Blantyre wa ku Scotland, Lamlungu ku Edinburgh

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene imatisowetsa mtendere ife ophunzira amene tili kunja. Ukangoika chithunzi pa Facebook uli pamwamba pa phiri kapena pakhomo pa nyumba yakale ya mafumu, uthenga wa pa WhatsApp suchedwa: "Achimwene, zayamba kuyendatu kumeneko, mutikumbukeko." Ena amachita kunena poyera kuti tinapita kusukulu koma tikungoyendayenda. Ine ndikuchita maphunziro a zaumoyo ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndipo ndikufuna ndifotokoze komwe ndinapita Loweruka ndi Lamlungu lina mwezi wathawu, owerenga aweruze okha ngati kumeneko n'kusakaza ndalama.

Loweruka m'mawa ine ndi mnzanga wa ku Ghana tinakwera sitima pa siteshoni ya Glasgow Central. Kamba wathu anali mpunga ndi nyemba zophika tokha, chifukwa chakudya chogula kuno chimapweteka m'thumba. Patangotha mphindi ngati 20 tinatsika pa siteshoni yolembedwa kuti Blantyre. Ndinaseka ndekha. Ndi katauni kachete, kopanda ma minibasi, kopanda woitanira, koma ndi komwe mzinda wathu unatengera dzina pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni yawo mu 1876.

Kuchoka pa siteshoni timangotsetsereka pang'ono kulowera ku mtsinje wa Clyde, n'kufika pa nyumba yoyera yotchedwa Shuttle Row. M'menemo ndi momwe David Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813. Inali nyumba ya antchito a pafakitale yopota thonje, mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. Kuphika momwemo, kugona momwemo, makolo ndi ana. Mnyamatayo anayamba ntchito m'fakitale ali ndi zaka 10, kulowa 6 koloko m'mawa, kuweruka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu ya usiku. Amene amaganiza kuti mzungu aliyense anabadwira pa mpunga akaone chipinda chimenecho. Panja pali chiboliboli chachikulu cha mkango utagwira Livingstone paphewa, monga zinachitikira ku Mabotsa, m'dziko limene lero ndi South Africa, mu 1844. Ana a kuno amachikonda kwambiri, ine chinandichititsa nthumanzi.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si Livingstone. Malowa atakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2021, anayamba kufotokoza bwino za anthu akuda amene ankayenda naye, amene ankadziwa njira, zilankhulo ndi mafumu. Pamenepo ndinaima nthawi yaitali pa dzina la James Chuma. Kusukulu tinkaloweza kuti "Susi ndi Chuma" ngati dzina limodzi, n'kulemba mayeso, n'kuiwala. Chuma anali Myao. Ali mwana anali m'gulu la anthu amene anamasulidwa m'manja mwa ogulitsa akapolo mu 1861 kumapiri a kwathu komweko, ntchito imene inayambira pamudzi wa Mbame, ndipo anakakhala pa mishoni ya Bishopu Mackenzie ku Magomero. Susi anali wa ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi. Livingstone atamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, anthu amenewa ndi anzawo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, thupi n'kuliumitsa, n'kulinyamula mtunda woposa makilomita 1,500 mpaka ku Bagamoyo, kugombe la dziko limene lero ndi Tanzania, miyezi pafupifupi isanu ndi inayi ali panjira. Palibe anawalamula. Chaka chotsatira Chuma ndi Susi anafika ku Britain, maliro ataikidwa kale, ndipo ndi iwo anafotokozera Horace Waller, mnzake wa Livingstone, za masiku otsiriza a Livingstone pamene ankakonza zolemba zake kuti zisindikizidwe.

Mnzanga wa ku Ghana uja anandifunsa kuti, "Ndiye ku Magomero kuli chiyani lero?" Ndinamuuza za manda ndi za nkhondo ya John Chilembwe ya 1915, imene inafikanso komweko. Koma zinandiwawa kuti mbiri ya mwana wa kwathu akuisamala ndi kuilongosola ndi anthu a ku Scotland, ana awo a sukulu akubwera m'magulu kudzaimva, pamene ana a ku Chiradzulu ndi Zomba, oyandikana ndi malo enieniwo, ambiri amangomva dzina. Sindikunena kuti Livingstone anali mngelo. Nyanja imene akuti anaitulukira mu 1859 anaipeza makolo athu akuwedzamo kale, ndipo a Scotland eni ake masiku ano sakanenso zimenezo.

Lamlungu tinalawirira ku Edinburgh, ulendo wosakwana ola limodzi. Kunali kamvula ka chiperoni ndi mphepo yolowa m'mafupa. Tinayamba tapemphera ku St Giles, tchalitchi chimene John Knox, amene anatsogolera kukhazikitsidwa kwa mpingo wa Chipresibiteriyani ku Scotland, ankalalikiramo. Kwa mwana wa CCAP ngati ine kumeneko n'kuchimake, ngakhale nyimbo zake amaimba mozizira, popanda woomba m'manja. Nyumba yakale ya mafumu yotchedwa Edinburgh Castle, imene ili pamwamba pa thanthwe, tinangoionera panja, chifukwa mtengo wolowera ndi ndiwo zanga za sabata yathunthu, komanso mzinga wake wotchuka wa 1 koloko masana suombedwa Lamlungu. M'malo mwake tinalowa mu National Museum of Scotland, momwe salipiritsa ngakhale khobidi. Muli Dolly, nkhosa ija asayansi anapanga mu 1996 kuchokera ku selo la nkhosa ina yaikulu. Yaima m'galasi ngati siidziwa kuti inagwedeza dziko. Mumzinda womwewu ndi momwe Kamuzu Banda anamalizira maphunziro ake a udokotala mu 1941, ndipo poyenda m'misewu yamiyala imeneyo ndinkadzifunsa kuti kuzizira kotere ankakupirira bwanji.

Madzulo tinakwera Arthur's Seat, phiri limene anthu a kuno amalinyadira. Ndi lotalika mamita 251. Kwa munthu amene anaonapo Sapitwa, wa mamita 3,002, chimenechi ndi chulu. Komabe anthu anali piringupiringu, agogo, ana, agalu, alendo ochokera ku China ndi ku America, njira zake zolambulidwa bwino, aliyense akudziwa polowera. Tinatsika msanga poti nyengo yozizira kuno 4 koloko kumakhala kutada kale.

Ndalama imene inatuluka m'thumba masiku awiriwa ndi ya sitima, ya tikiti ya pakhomo ku Blantyre ndi ya tiyi. Ya sitimayo inatsikanso chifukwa pali khadi la ophunzira limene limachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo. Amene mukubwera kuno chaka chino, khadi limeneli ligulidwe msanga, pamodzi ndi jekete yosalowa madzi.

Pempho langa, Akonzi, likupita kwa inu. Nafenso tili ndi poyenda: myuziyamu ya ku Chichiri, Mandala House ya 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamalizidwa mu 1891, PIM ku Mbombwe, zojambula za m'mapanga a Chongoni zimene UNESCO inazivomereza mu 2006, mafupa a Malawisaurus ku Karonga. Ambiri timangodutsa pa minibasi. Bwanji nyuzipepala yanu itamapatula kadanga Lachisanu lililonse, n'kulemba za malo amodzi: kuli chiyani, basi yake ikwerekera pati, ndalama zingati, amatsegula nthawi yanji, ndipo mphunzitsi wofuna kupita ndi ana a Sitandade 7 alankhule ndi yani? Ndikanakonda mutayambira ku Magomero.

Ine wanu,
Wophunzira wa ku Glasgow, kwathu ku Chiradzulu