Musalole Kuti Aifomate Kompyutayo

Okondedwa Amayi, ndi iwe mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine kuno ndili bwino ndipo ntchito ikuyenda, kungoti dzulo tulo sindinatione nditamva uthenga wako, mng'ono wanga, wakuti kompyuta ija yakana kuyamba utaiika Windows 11. Pa foni mawu ankangodukaduka, ndiye ndaona kuti ndilembe zonse kuti uziwerenga uli pafupi ndi makinawo.

Amayi, ndiyambe ndi inu chifukwa ndikudziwa chimene chikukupwetekani mtima. Zithunzi za malemu bambo zimene tinasunga m'menemo musazilire msanga. Kompyuta ikachita chonchi, kawirikawiri chimene chasokonekera ndi Windows, pamene hadi disiki, momwe mumakhala zithunzi ndi makalata, imakhala ili bwinobwino. Chitseko ndicho chakana kutseguka, katundu ali m'nyumba momwemo. Mwanayu musamukalipire. Windows 10 inasiya kulandira thandizo pa 14 Okutobala 2025, ndipo inenso ndikanakhala kumeneko ndikanaganiza zoisintha.

Koma chimodzi ndikukupemphani nonse awiri. Wina akabwera n'kunena kuti "tingoifomata tiike Windows ina", mumukanize, ngakhale akhale wodziwa makompyuta chotani. Kufomatako ndiko kumafafaniza zonse. Ine zinandionekera chaka chimene ndinafika kuno. Yanga inachita chimodzimodzi, ndipo chifukwa cha phuma ndinaika Windows yatsopano usiku womwewo. Makalata anga a ntchito ndi zithunzi zonse za miyezi yoyamba zinapita. Patapita masiku mnzanga wa kuntchito anandionetsa njira imene ndikanatsata, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa. Njira yake ndi imene ndikukulemberayi.

Yamba ndi zapafupi. Zula chilichonse chimene chalumikizidwa kumbuyo ndi kutsogolo, pulinta, fulashi, masipika, usiye kiyibodi, mausi ndi monita basi. Chotsa chingwe cha magetsi, udine batani loyatsira kwa masekondi khumi ndi asanu, ubwezere chingwe n'kuyatsa. Kakayamba kuzungulira kaja ka timadontho, usafulumire kuzimitsa. Yang'ana kanyali kakang'ono ka hadi disiki kutsogolo kwa bokosi. Ngati kakuthwanima, makinawo akugwirabe ntchito yake, ndipo nthawi zina zimatha ola lathunthu kapena kupitirira. Ambiri amaiwononga pamenepa chifukwa chosaugwira mtima.

Unandiuza kuti chizindikiro chimaoneka, timadontho timazungulira, kenako imazima n'kuyambiranso yokha. Nditamva zimenezo mtima unakhalako pansi, chifukwa zikusonyeza kuti makinawo ali moyo ndipo akuiona disiki. Tsono uchite chonchi. Uiyatse, ndipo chizindikiro chikangooneka, udine batani loyatsira osalisiya mpaka izime. Ubwereze kawiri kapena katatu. Ikaona kuti yalephera kuyamba motsatizana, imalemba yokha kuti Preparing Automatic Repair, kenako imakupatsa sikirini ya buluu yokhala ndi zosankha. Usankhe Advanced options, kenako Troubleshoot, kenako Advanced options kachiwiri.

Pamenepo uyambe ndi Startup Repair, uisiye iyese kudzikonza. Ikalephera, ubwerere pomwepo usankhe Uninstall Updates, kenako Uninstall latest feature update. Apa ndi pamene pali chiyembekezo changa chachikulu. Munthu akachoka pa Windows 10 kupita pa 11, yakale ija siimatayidwa nthawi yomweyo, imasungidwa mu foda yotchedwa Windows.old kwa masiku 10. M'masiku amenewo ukhoza kubwerera pamene unali, mafayilo ako osakhudzidwa. Akadutsa, njira imeneyi imatsekeka. Werenga bwino kuyambira tsiku limene unaiika, ndipo usadikire kuti uyambe wamaliza mayeso.

Pa sikirini yomweyo uona mawu akuti Reset this PC. Amenewo uwalambalale. M'kati mwake muli Remove everything, ndipo ameneyo ndi m'bale wake wa kufomata.

Mwina ikufunsa nambala yaitali ya BitLocker. Usaope, ndi nambala ya madijiti 48 imene imatsegula disiki ikakhala yokhomedwa, ndipo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene munthu analowera nayo. Ulowe mu akauntiyo pa foni ndi imelo ija ndinakutsegulira, uikopere papepala bwinobwino. Ngati pasiwedi unaiwala, undiuze pa foni, osati m'kalata.

Kubwerera kukakanika, yesa Startup Settings, udine Restart, kenako 4 pa kiyibodi. Imeneyo ndi Safe Mode, pamene Windows imayamba ndi zofunika zokhazokha. Ikakulola kulowa, usayambe n'kukonza chilichonse. Tenga fulashi, ukopere zithunzi za bambo choyamba, kenako ntchito zako za kusukulu. Zokonza zibwere pambuyo. Ikayamba mu Safe Mode koma n'kumakana mwa masiku onse, nthawi zambiri wolakwa amakhala dalaivala wina wakale, kapulogalamu kothandiza Windows kugwiritsa ntchito zida za m'kompyuta, makamaka wa zithunzi za pa sikirini, ndipo ameneyo tidzamuchotsa limodzi tili pa foni.

Ngati m'malo mwa zonsezi ikulemba kuti siikupeza poyambira, ulowe mu BIOS, sikirini yosinthira kayambidwe ka makinawo, podina F2 kapena Del ikangoyaka, uone ngati Windows Boot Manager ili pamwamba pa mndandanda. Usanasinthe kanthu m'menemo, ujambule sikiriniyo ndi foni kuti tidzathe kubwezera momwe zinaliri.

Sikirini ya buluu ija ikakana kubwera n'komwe, pafunika fulashi ya 8 GB yopanda kanthu ndi kompyuta ya mnzako. Pa tsamba la Microsoft pali Media Creation Tool imene imaika Windows pa fulashi, koma dziwa kuti imafufuta zonse zimene zili pa fulashipo. Ukayatsira kompyuta yathu pa fulashiyo, makina ambiri amafuna F12, usankhe pamene alemba Repair, osati Install. Udzafika pa zosankha zofanana ndi zija. Ndipo zonse zikakanika, fulashi ya Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, imatha kuyatsa kompyuta osakhudza disiki ukasankha Try Ubuntu, n'kukulola kutulutsa mafayilo. Ndi njira imene mnzanga uja anandionetsa.

Tsopano ndikufunse mafunso awiri, ndipo undiyankhe moona, sindikwiya. Kodi magetsi anazima ili m'kati molowetsa? Ndipo kodi inavomera yokha Windows 11, kapena wina anakuonetsa njira yozembera? Ndikufunsa chifukwa Windows 11 imafuna zachitetezo zotchedwa TPM 2.0 ndi Secure Boot, memore (RAM) yosachepera 4 GB ndi malo a 64 GB pa disiki, ndipo makina athuwo ndi akalekale ndithu. Yankho lako ndilo litiuze chochita tikaibwezeretsa.

Chilichonse chimene ilembe pa sikirini, uchijambule unditumizire, ngakhale chioneke chopanda tanthauzo. Lamlungu sindipita kuntchito, ndidzaimba masana, ukhale pafupi ndi kompyuta, fulashi ili m'manja. Amayi, zithunzizo zikangotuluka ndikufuna tizisunge malo awiri, china kwa inu china kuno kwa ine, ndipo chija bambo anakhala pakhonde atavala chipewa ndidzachitsukitsa ndikutumizireni.

Mundiperekere moni kwa onse pakhomopo. Ndimakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
ndi mkulu wako.