Lipoti la Msonkhano wa Zachuma pa Chithandizo cha Thanzi la M'maganizo kwa Ana

A Wapampando ndi mamembala onse a komiti,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wokambirana momwe mabungwe othandiza ana angakonzere ndalama asanayambe kugwiritsa ntchito njira za chithandizo zimene kafukufuku anatsimikizira kuti zimathandizadi. Poyamba tinakumbutsidwa ziwerengero za World Health Organization, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, zakuti mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, pamene maboma amangoika pafupifupi 2 peresenti ya bajeti ya zaumoyo ku thanzi la m'maganizo la anthu onse.

Mfundo imene ndabwera nayo ndi yakuti ndalama zambiri sizithera pa maphunziro oyamba a aphungu opereka chithandizochi, ngakhale kuti ndi pokhapo pamene ambiri timayang'ana polemba bajeti. Njira ya TF-CBT, yothandiza ana amene anachitiridwa nkhanza kapena anaona zoopsa, imafuna kuti phungu akamaliza maphunziro apitirize kukambirana ndi katswiri kwa miyezi ingapo za ana amene akuwathandiza, ndipo nthawi ya katswiriyo imalipiridwa. Njira ya PCIT, yothandiza ana aang'ono a khalidwe lovuta pamodzi ndi makolo awo, imene katswiri wa zamaganizo Sheila Eyberg anayambitsa, imafuna chipinda chokhala ndi galasi loonera mbali imodzi, kuti kholo lizisewera ndi mwana pamene phungu ali kuseri, akulilangiza kudzera pa kachipangizo ka m'khutu. Mu njira ya MST, yothandiza achinyamata a khalidwe lovuta kwambiri pamodzi ndi mabanja awo, phungu mmodzi amasamalira mabanja 4 mpaka 6 okha, gulu lake liyenera kupezeka usana ndi usiku, ndiponso chilolezo chogwiritsira ntchito njirayi chimalipiridwa chaka ndi chaka.

Tsiku lachiwiri tinagawidwa m'magulu, aliyense ndi bajeti ya bungwe lake. Yathu inali ndi mzere umodzi wokha, wolembedwa kuti “maphunziro”. Wotsogolera zokambirana anaika chala pa mzerewo n'kundifunsa kuti ana adzawaona ndani sabata imene aphungu adzakhale m'kalasi, komanso kuti wolowa m'malo mwa phungu amene wasiya ntchito adzaphunzitsidwa ndi ndalama ziti. Ndinasowa choyankha, ndipo mumtima ndinakumbukira aphungu athu awiri aja amene anachoka atangophunzitsidwa, ana awo n'kutsala chithandizo chili pakati. Zimenezi zimandipwetekabe, chifukwa mwana amene wayamba kufotokoza zoopsa zimene anakumana nazo sayenera kusiyidwa panjira.

Choncho ndikupempha komiti kuti tisankhe njira imodzi yokha, yogwirizana ndi mavuto amene timawaona kawirikawiri, ndipo tiilembere bajeti ya zaka zitatu. M'bajetimo ndalama za katswiri woyang'anira aphungu, zophunzitsira olowa m'malo ndi zoyezera ngati ana akupezadi bwino zikhale pa mizere yakeyake, zosakhudzidwa pakagwa zina. Opereka thandizo ambiri amakonda kulipirira chaka choyamba chokha, n'chifukwa chake tiwaonetse mtengo wonse tisanasaine mgwirizano uliwonse. Ndapempha msungichuma wathu kuti tikonzere limodzi bajeti yoyeserera, imene tidzaibweretse pa msonkhano wathu wotsatira.