Musakweche makobidi akale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi achinyamata amene ayamba kufufuza m'masutikesi a agogo awo atamva kuti ndalama zachitsulo zimene zinalakwika posula zimagulidwa pamtengo wokwera.

Malemu bambo anga anandisiyira chitini cha makobidi. Muli masheleni a 1964, a nkhope ya Kamuzu ndi chimanga kuseri, komanso ma 20 tambala a njovu a 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Mwezi wathawu mdzukulu wanga anatengako angapo, nawakwecha ndi mchenga ndi ndimu mpaka mbee. Kenaka anabwera akuthamanga: "Agogo, talemera, onsewa ali ndi ming'alu!" Ndinangogwira pakamwa. Mizere imene amandionetsayo anali atakanda yekha ndi mchenga uja.

Khobidi limapangidwa pokanikiza kachitsulo kosalala pakati pa zidindo ziwiri zolimba. Chidindo chikatopa chimang'aluka, ndipo chitsulo cha khobidi chimalowa mumng'alumo. Ndiye kuti mng'alu weniweni wa kosulira makobidi umaoneka ngati mzere wotumphuka, ngati mtsempha wa padzanja la munthu wokalamba, ndipo nthawi zambiri umayenda mokhotakhota kuchokera m'mphepete. Pamene khobidi lakandidwa ndi msomali kapena mwala, mzerewo umalowa m'kati. Yatsani tochi ya foni chammbali, muyang'ane ndi galasi lokulitsa zinthu, mthunzi ukuuzani wokha. Chidindo chikabenthuka m'mphepete, pakhobidi pamatsala chotupa chosalala chopanda chilembo. Chimenecho ndi cholakwika chenicheni, osati zija zophwanya ndi hamala.

Komatu ngakhale mng'alu weniweni sikuti ungakugulireni malata. Chidindo chimodzi chong'aluka chimadinda makobidi ambirimbiri asanachichotse, choncho ming'alu ing'onoing'ono si yosowa. Zimene osonkhanitsa makobidi amalimbirana ndi zolakwika zodziwika bwino. Ku America kuli senti ya 1955 ya nkhope ya pulezidenti Lincoln imene zilembo ndi chaka chake zinatuluka pawiripawiri chifukwa chidindo chenichenicho chinapangidwa molakwika. Ku Britain, mu 2008, a Royal Mint, amene amasula makobidi a dzikolo, anaphatikiza chidindo chakale cha kumaso ndi chatsopano cha kuseri, mwakuti ma 20 pensi ena anatuluka opanda chaka. Abale athu okhala kumeneko aziyang'anako chenji chawo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti amene amadziwa makobidi safuna lokwechedwa. Kuda kuja kumene ife timakuyesa litsiro ndi kumene kumasonyeza kuti khobidi silinaseweretsedwe, ndipo mukakuchotsa sikubwereranso momwe kunalili. Ligwireni m'mphepete, lisungeni pouma, lililonse m'kapepala kakekake.

Masheleni atatu anapulumuka chifukwa anali atakanirira pansi pa chitini. Pano ndimawasunga m'thumba la jekete yanga ya kutchalitchi, ndipo mdzukulu uja amawaonera m'manja mwanga.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba